Mboni Inali Chete Koma Ndinati Ndi Woyera

Inu owerenga, cholakwa changa chinali liwu limodzi lokha. Anandifunsa ngati mankhwala ena a ufa anali abwino kuthira m'chimanga chodya anthu, ndipo m'malo moyankha kuti sindikudziwa, ndinati ndi woyera. Papita zaka zambiri koma liwu limenelo silinandisiyebe. Ndalemba izi kuti wina amene anthu akwawo amamukhulupirira chifukwa cha sukulu yake asadzachite zimene ndinachita ine.

Ndine mayi wa kwa Msakambewa ku Dowa. Bambo anamwalira ndili wamng'ono, ndipo amene anandiphunzitsa ndi atsibweni, mlongo wawo wa amayi, ndi fodya wa m'munda mwawo. Nditamaliza maphunziro ndinapeza ntchito m'labotale ina yofufuzafufuza mu Lilongwe, dzina lake ndisunga. Ndinali wothandiza chabe, wotsuka mbale zagalasi, kusakaniza mankhwala ndi kulemba zotsatira m'buku. Koma kumudzi ankanditchula kuti adokotala, ndipo sindinawakonzepo ngakhale tsiku limodzi. Ndinali ndi matama, sindibisa. Chovala choyera cha kuntchito ndinkapita nacho kumudzi pa tchuthi ati kuti ndikachape, koma cholinga chinali choti chikayanikidwe pa chingwe anthu achione.

Inali nthawi imene zipani zambiri zinali zitangoyamba kumene. Bwana wanga, amene ndizingowatchula kuti a Dokotala, anali atangobwerera kuchokera kunja kumene anathawira m'nthawi ya chipani chimodzi. Anali munthu wofatsa, wosakweza mawu, koma wosalola chinyengo ngakhale cha kadontho kamodzi. Ntchito yathu inali kuyeza ngati mankhwala angathe kusokoneza chibadwa cha maselo. Ndifotokoze pang'ono, chifukwa mukapanda kumva apa simumva kukula kwa mlandu wanga.

Thupi lililonse, la munthu, la nkhuku, ngakhale la nyerere, linamangidwa ndi tizidutswa ting'onoting'ono totchedwa maselo, ndipo m'kati mwa selo lililonse muli malangizo a m'mene liyenera kukulira ndi kuberekana. Mankhwala ena akalowa m'thupi amasokoneza malangizo amenewa, ndipo nthawi zina kusokonekera kumeneko ndi kumene kumadzabala khansa patapita zaka. Ife sitinkayezera pa anthu. Tinali ndi tizilombo tina ta selo limodzi, tosaoneka ndi maso, tolumala mwadala moti tikatiika m'mbale ya chakudya chosakwanira sitinkatha kuberekana. Koma kena kakasinthidwa chibadwa kankadzuka n'kuberekana mpaka kupanga kadontho kotuwa kooneka ndi maso. Ndiye tinkathira mankhwala oyezedwawo, kuika mbale m'bokosi lofunda masiku awiri, kenako n'kuwerenga timadontho. Tochepa timatuluka tokha nthawi zonse. Tikachuluka kwambiri, ndiye kuti mankhwalawo ndi okayikitsa.

A Dokotala ankati kuyeza ndi kuzenga mlandu, ndipo mlandu suzengedwa popanda mboni. Mboni yathu inali mbale zothiridwa mankhwala odziwika kale kuti ndi oipa. Mbale zimenezo zinkayenera kudzaza timadontho nthawi zonse, kusonyeza kuti tizilombo tili maso ndipo zipangizo zonse zikugwira ntchito. Mboni ikakhala chete, ankatero, mlandu sunazengedwe, taya zonse uyambirenso. Ankandiphunzitsanso kuyang'ana mbale pawindo. Mbale yathanzi imakhala ndi kachifunga pansi pake ngati mpweya wa m'kamwa pa galasi. Ikangoti mbee, kuwala ngati yotsuka kumene, ndiye kuti mankhwala achuluka mpaka kupha tizilombo tonse, ndipo wakufa sapereka umboni. Komanso timadontho tinkayenera kukwera pamene muyezo wa mankhwala ukukwera, ndipo chilichonse chinkabwerezedwa tsiku lina tisanatsegule pakamwa.

Panali chinthu chinanso chimene chinadzandigwetsa. Mankhwala ena sakhala oipa mpaka chiwindi chitawaphwanya. Choncho m'mbale zina tinkathiramo madzi a chiwindi cha khoswe kuti achite zimene chiwindi cha munthu chimachita. Madzi amenewa ankachokera kunja, ndipo ankasungidwa oundana gwa m'furiji yakeyake. Akasungunuka n'kukhala pofunda, mphamvu yake imatha.

Zonsezi ndinkazidziwa ngati dzina langa. Musaganize kuti ndinalakwa chifukwa cha umbuli.

M'zaka zimenezo kwathu kunali kutafika nankafumbwe wachilendo, woboola ndi mitengo yomwe ya nkhokwe. Chimanga chimene kale tinkafika nacho dzinja chinkasanduka fumbi nyengo ya dzuwa isanathe. Anthu anali asanaiwale njala ya chilala chimene chinali chitangodutsa, ndiye mantha anali aakulu. Malonda nawo anali atamasulidwa, aliyense ankagulitsa chilichonse. M'misika munabwera ufa wina wotuwa, wa m'timapepala tapulasitiki topanda dzina, wochokera kaya kuti. Anthu anautcha kuti Psiti, chifukwa ukauthira m'thumba anankafumbwe onse ankatha psiti.

Atsibweni anatenga katoni ya Psiti kwa wamalonda wina kuti azigulitsa kumudzi. Koma mlangizi wa zaulimi anali atayamba kuuza anthu kuti mankhwala opanda dzina asamawakhulupirire, ndipo atsibweni, pokhala mkulu wa mpingo, mtima wawo sunakhazikike. Mwezi wa Juni, atabwera ndi fodya ku okushoni, anapatukira kuntchito kwanga. Anatulutsa kapepala kamodzi m'thumba la jekete n'kukaika m'manja mwanga.

"Iwe mwana wa mlongo wanga, ine sindingagulitse chinthu choti chikapweteke anthu amene ndimapemphera nawo. Tandiyezera. Ukati ndi woipa ndikataya kuchimbudzi, ukati ndi wabwino ndiyamba. Koma usachedwe, anthu atonola kale, ndipo nankafumbwe sadikira sukulu yako."

Anati adzabweranso pakatha masabata awiri ndi mabelo otsala. A Dokotala anali kunja ku msonkhano wa mwezi wathunthu. Ndikanatha kuwauza atsibweni kuti adikire bwana wanga. Ndikanathanso kuwauza kuti kuyeza kwathu kukanangoyankha funso limodzi mwa mafunso ambiri, sikukanatha kunena kuti chinthu ndi chabwino kudya. Koma munthu amene anandiphunzitsa anali atabwera kudzakolola zimene anadzala, ndiye ndikanati chiyani? Ndinangoti musadandaule, ndi ntchito yaing'ono.

Lolemba lotsatira nditalowa m'labotale ndinapeza madzi pansi pa furiji ya chiwindi. Mlonda anandiuza kuti magetsi anazima Loweruka lonse mpaka Lamulungu madzulo, ndipo jenereta sinalire. Nditatsegula ndinapeza timabotolo taundananso bwinobwino ngati palibe chachitika. Ndinatenga chokolopera n'kukolopa madziwo. Inu owerenga, bodza langa linayambira pa kukolopa kumeneko. Ndinadziwa chimene madzi aja ankatanthauza, koma ndinadziuza kuti mwina sanasungunuke onse.

Ndinakonza mbale tsiku lomwelo, ndipo pofuna kuonetsa kuti ndayeza mwamphamvu ndinathira Psiti wambiri. Lachitatu m'mawa ndinatsegula bokosi lofunda. Mbale za mboni zokhala ndi chiwindi, zimene zinkayenera kudzaza timadontho, zinali ndi tochepa tomwe timatuluka tokha. Mboni inali chete. Mbale za muyezo waukulu wa Psiti zinali mbee, zopanda kadontho, zopanda kachifunga. Za muyezo waung'ono zinali ndi timadontho tochepa, koma zimenezo zikanandiuza chiyani chiwindi chitafa?

Masiku otsatira ndinasowa pokhala. Ndinkanyamula mbale kupita nazo pawindo, kuzibweza, kukamwa madzi, kubwera kudzazinyamulanso, ngati kuti timadontho timera chifukwa chondimvera chisoni. Kubwereza sikukanatheka, chifukwa madzi onse a chiwindi anali m'furiji yomwe ija, ndipo atsopano ankayenera kuitanitsidwa ndi a Dokotala. M'buku ndinalemba zoona zokhazokha, chifukwa dzanja langa linali litazolowera. Pakamwa ndi pamene panandipereka.

Atsibweni atabwera ndinawaona pawindo atakhala pa benchi ya mlonda, chipewa chili pa bondo. Ndinamva akumuuza mlondayo monyadira kuti abwera kwa mwana wawo adokotala. Ndinatuluka nditavala chovala changa choyera. Anandifunsa kuti zatuluka bwanji, ndipo ine ndinati mbale zatuluka zoyera. Taonani kuchenjera kwa mtima wa munthu! Ndinasankha mawu oona kuti ndidzathe kudziuza kuti sindiname. Mbale zinalidi zoyera, zoyera ngati manda osesa.

"Ndiye kuti Psiti ndi woyera?" anafunsa motsimikiza, akundiyang'ana m'maso.

Apa ndi pamene panali khomo lothawira. Mawu akuti sindikudziwa anafika pa lilime, koma ndinaona mlonda akumvetsera, ndinaona nsapato za atsibweni zong'ambika m'mbali, ndipo ndinachita manyazi kuti munthu wophunzira anene kuti sakudziwa. Manyazi adapha lambe. Ndinati eya, ndi woyera.

Anaimirira n'kundigwira dzanja ndi manja awo onse awiri, chinthu chimene anali asanachitepo.

Lamulungu lotsatira, mapemphero atatha, atsibweni anauza anthu pabwalo la tchalitchi kuti mwana wawo wayeza Psiti ndi makina a ku Lilongwe ndipo wapezeka woyera. Kwathu liwu limeneli ndi lolemera. Ufa wabwino timati woyera, madzi abwino timati oyera, Buku timati Loyera. Palibe amene anamva kuti ndinkanena za mbale yagalasi. Mbiri inakwera mapiri mpaka ku Ntchisi, inafikanso ku Bowe, ndipo amalonda ena amene sanandionepo anayamba kufuula m'misika kuti awa ndi mankhwala oyezedwa ndi dokotala wa ku Dowa. Mlangizi uja anthu anayamba kumuseka kuti ndi wansanje.

Mwezi wa Ogasiti ndinapita kumudzi. Amayi a m'njira ankandigwadira moni n'kumati zikomo adokotala, chaka chino tidya. Kunyumba ndinapeza amayi anga atathira Psiti m'matumba awo onse, ndipo anandiuza mosangalala kuti ankaika zitini ziwiri pamene ena ankaika chimodzi, poti ndi woyera sangapweteke. Ankasakaniza ndi manja. Pakhomopo pankakhalanso mng'ono wanga, amene anali ndi pakati, ndi ana ake awiri. Chakudya chitabwera ndinanama kuti m'mimba mukundipota. Ndinakhala pambali n'kumaonerera anawo akudya, ndipo sindinawaletse. Ndinabwerera ku Lilongwe m'mawa mwake, tchuthi chisanathe.

Kuyambira pamenepo mtendere unandithawa. Kuntchito ndinkagwetsa zinthu, m'basi ndinkapitirira potsikira, kutchalitchi akamaimba za oyera mtima ndinkatuluka panja. Ndinkadzitonthoza kuti mwina Psiti alibedi vuto, poti kusadziwa kuti chinthu ndi chabwino sikutanthauza kuti ndi choipa. Koma mtima unkayankha kuti nanga bwanji iweyo sunadye?

A Dokotala anali atabwerera kale, ndipo ndinali nditawauza za magetsi koma osati za Psiti. Anatulukira okha atayamba kufufuza kumene kunapita mbale zambiri. Anatsegula buku langa, anawerenga tsamba lija pang'onopang'ono, kenako anandifunsa funso limodzi lokha, kuti mboni inanena chiyani. Ndinati inali chete. Anafunsanso kuti nanga mwini katundu ndinamuuza chiyani. Nditayankha, anavula magalasi n'kutseka bukulo. Ndikanakonda akanandikalipira.

Madzi atsopano a chiwindi anali atafika. Tinayeza limodzi, ndi miyezo yaing'ono yoti tizilombo tisafe. Ulendo uno mboni inayankhula, mbale zake zinadzaza. Mbale za Psiti zopanda chiwindi sizinaonetse kanthu, koma zokhala ndi chiwindi zinanena zina. Muyezo woyamba unali ndi timadontho tochulukirapo, wachiwiri kuposa apo, wachitatu tinali waa ngati mapira otayikira pansi. Tinabwereza sabata yotsatira ndipo zinatuluka chimodzimodzi.

Ndinawafunsa ngati anthu akwathu afa. Anati mbale sizinena zimenezo. Kachilombo ka m'mbale si munthu, ndipo si chilichonse chosokoneza maselo m'galasi chimene chimadwalitsa wodya. Chimene tinkadziwa chinali chakuti ufa umenewu sunkayenera kuyandikira chakudya mpaka utayezedwa m'njira zina. Iwo analemba kalata kwa akuluakulu oona za mankhwala, koma za kumudzi anati ndi zanga. Ndinatulutsa mawu ndekha, ndikawabweze ndekha. Ntchito sanandichotse, koma chaka chonse sindinaloledwe kuwerenga mbale popanda iwo.

Ndinakwera matola Lachisanu. Kale tikamadutsa pa Dzaleka, pamene panali ndende, aliyense m'galimoto ankatseka pakamwa. Tsiku limenelo panali pataikidwa kale anthu othawa kwawo, anthu ankacheza momasuka, ndipo ine ndekha ndinali ndikung'ung'udza, kuyeserera mawu oti ndikawauze atsibweni.

Ndinawapeza kudimba akuthirira nazale ya fodya. Ndinagwada pamzere n'kufotokoza zonse, za magetsi, za mboni, za mbale zoyera chifukwa cha imfa. Anamvetsera keni ili m'manja, madzi akudontha pa phazi lawo.

"Ndiye zipani zambirizi zafika ndi m'kamwa mwako momwe? Mwezi wa Juni woyera, lero woipa. Mawu ako awiriwa ndinyamule ati?"

Ndinati anyamule alero.

"Tsiku lija unkadziwa kuti sukudziwa?"

Ndinati eya. Anaika keni pansi mwakachetechete.

"Ukanandiuza ndikanakumenya? Ine ndinakutumiza kusukulu kuti uzindiuza zoona, osati kuti uzindisangalatsa. Wandiimika pamaso pa mpingo ndi bodza m'kamwa."

Atsibweni anali munthu woongoka kuposa ine. Lamulungu anaimirira pamalo omwe aja n'kuuza anthu kuti anawasocheretsa, ndipo anandiimika pambali pawo kuti ndifotokoze ndekha. Psiti wotsala anandipatsa kuti ndibwerere naye kulabotale. Koma madzi akatayika saoleka. Bambo wina anafunsa kuti tadya miyezi itatu, wafa ndani? Wina anati mwina a sitolo zazikulu andigula kuti anthu azigula mankhwala awo. Mayi wina, mwana ali kumsana, anafunsa funso limene linali m'mitima mwa onse, kuti chimanga chonse chili ndi Psiti, akachitaya adya chiyani mpaka kukolola? Nanga akachikonola, kuchitsuka ndi kuchiviika, poizoniyo sachoka? Ndinati mwina amachepa, koma sindikudziwa. Kanali koyamba kunena mawu amenewa pagulu, ndipo anthu anaseka. Ambiri anapitiriza kudya, ndipo sindiwaimba mlandu.

Mudzi wonse sindikanautha, koma ndinatsimikiza mtima kupulumutsa nyumba ya amayi. Ndinagulitsa wailesi ndi makina anga osokera n'kupeza matumba a chimanga chopanda mankhwala, ndipo ndinabwera nawo ndekha pa matola. Sanali ochuluka ngati awo, koma ndinati ndidzawonjezera zinthu zikayenda. Ndinawapempha amayi kuti chakalecho tikwirire tsiku lomwelo. Anati ndisavutike, adzauza apongozi awo, mwamuna wa mng'ono wanga, akumbe dzenje mvula ikafewetsa nthaka. Sanandikalipire, sanandifunse chifukwa chimene ndinanamira. Ndinabwerera mtima utatsika pang'ono, koyamba m'miyezi inayi.

Zinthu sizinayende monga ndinkaganizira, ndipo sindinathe kuwonjezera matumba aja. Ndinapitanso kumudzi mu Febuluwale kukaona mwana amene mng'ono wanga anali atabereka, wamkazi, wathanzi. Ndili pakhonde ndinaona malichero awiri a ufa atayanikidwa motalikirana, lina lili pamwamba pa thandala pamene ana sakanafika. Mng'ono wanga anati amayi masiku ano amaphika zawozawo ndi kampoto kawo, ati mano awo akufuna zofewa, ndipo mwana akayandikira mbale yawo amamuthamangitsa ngati nkhuku.

Ndinalowa kuchipinda kwa amayi popanda kuodira. Kuseri kwa chitseko kunali matumba akale aja atafundidwa mphasa, ambiri ali opanda kanthu, opindidwa bwinobwino. Linali litatsala limodzi ndi theka. Ndinalowetsa dzanja ndipo linatuluka lotuwa.

Amayi anandipeza ndili chiimire ndi dzanja langa lotuwalo. Ndinayamba kulira ndi kuwakalipira nthawi imodzi, kuti bwanji sanandikhulupirire, kuti ndinawauza kuti chimangachi ndi choipa.

"Leka kulira, udzutsa khanda," anatero. "Ndinakumva bwinobwino. N'chifukwa chake ana sanalaweko ngakhale chipande chimodzi. Chimene unabweretsa chija tikanadya tonse chikanatha Khirisimasi isanafike, ndiye mng'ono wakoyu akanayamwitsa chiyani? Komanso chimanga chimene ndinalima ndi msana wangawu sindingachikwirire ngati maliro. Ine zaka zanga ndadya kale."

Inu owerenga, mwa anthu onse akwathu, amene anakhulupirira mawu anga achiwiri ndi mtima wonse anali amayi anga, ndipo chikhulupiriro chimenecho ndi chimene chinawachititsa kudya okha chimanga chija. Thumba ndi theka lotsalalo ndinakwirira ndi manja anga tsiku lomwelo, iwo atatembenukira kumbali.

Patapita zaka zinayi amayi anayamba kudandaula kuti chakudya chikukakamira pakhosi. Anasiya zolimba, kenako anasiya phala, kenako ngakhale madzi ankabwerera. Kuchipatala anati ndi chotupa cha kummero ndipo tachedwa. Anamwalira mwezi wokolola, ataonda moti ndinkawanyamula ndekha. Atsibweni anayendetsa mwambo wonse wa maliro a mlongo wawo, ndipo sanatchulepo za Psiti kwa ine, tsiku limenelo kapena lina lililonse mpaka nawonso anatisiya.

Nditabwerera kuntchito ndinawafunsa a Dokotala kuti andiuze zoona, kodi ndi ufa uja? Anati matenda amenewa amagwira anthu ambiri m'dziko muno, ngakhale amene Psiti sanamuonepo, ndipo kawirikawiri amatenga nthawi yaitali kuti aonekere. Ndinafunsa ngati zikutanthauza kuti si ine. Anati sananene choncho. Palibe mbale imene ingayankhe funso limenelo. Ndinawakwiyira masiku angapo, chifukwa ndinkafuna andinamize monga ndinanamizira atsibweni. Sanatero.

Mpaka lero ndikamva kuti kwathu kwachitika maliro, ndimayamba ndafunsa kuti amadwala chiyani, kenako ndimawerenga m'mutu ngati nyumba imeneyo inathira Psiti chaka chija. Anthu anaiwala kalekale, ena amanditchulabe adokotala, koma tsopano ndimawakonza pomwepo.

Ndiye ndikupempheni, inu amene mumagwira ntchito yoyeza, kaya ndi magazi, madzi, mbewu kapena mankhwala. Musanayang'ane chimene mukufuna kuona, yambani mwafunsa mboni. Ikakhala chete mulibe yankho, ngakhale wodikira panja akhale amene anakulerani. Kusapeza choipa chifukwa choti chipangizo chafa sikupeza chabwino. Mukaona madzi pansi pa furiji musakolope msanga. Inunso amene muli ndi mwana wophunzira, mukamufunsa musamuyang'ane ndi maso oti akubwezereni thukuta lanu, mupatseni mpata wonena kuti sakudziwa. Ndipo mankhwala opanda dzina asalowe m'thumba la chakudya, ngakhale amene akuwachitira umboni atavala choyera chotani.

Mwana uja anali m'mimba chaka cha Psiti tsopano ndi mayi wa ana ake. Chaka chatha tikusesa kumanda anaima pa manda a agogo ake n'kundifunsa kuti, amayi aakulu, inu munagwira ntchito ya zoyezayeza, kodi agogo chinawapha n'chiyani kwenikweni? Ndinayang'ana tsache limene linali m'manja mwanga. Mawu amene ndinachita nawo manyazi pa benchi ya mlonda kwa mphindi imodzi yokha ndi amene ndatsala nawo moyo wanga wonse. Ndinamuuza kuti sindikudziwa.